Galimoto Yonunkha Matope

Uthenga unalowa Loweruka m'mawa, Narae akuumitsa tsitsi. Chinali chithunzi cha galimoto yakuda, yaitali, yonyezimira ngati yanyambitidwa. Pansi pake Taeo analembapo kuti: "Ya ku Ulaya iyi. Tikaione limodzi lero. Usakane."

Narae anachiyang'ana chithunzicho mpaka foni inazima yokha. Kenaka anaimba.

"Tikaione kuti titani nayo?"

"Moni kaye, mayi. Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka. Titani nayo?"

"Ndikufuna kugula."

"Wadya chiyani m'mawa uno?"

Taeo anaseka, koma kunali kuseka kwa munthu amene waponda khala lamoto n'kumanamizira kuti sakupsa. Zaka ziwiri za chibwenzi zinali zitamuphunzitsa Narae kuseka kumeneko, ndipo ankadziwa kumene kwachokera.

Taeo anali ndi shopu yochapira ndi kusita zovala, imene makolo ake anamusiyira m'kamsewu kena kuseri kwa msika mumzinda wa Daegu. Ankayendera kavani koyera kolembedwa dzina la shopuyo mbali zonse. Mwezi wathawo anapita kwa makolo a Narae atanyamula bokosi la maapulo. Mayi ake a Narae analandira bokosilo ndi dzanja limodzi, maso ali pamsewu pamene panaima kavaniko.

"Pa chikondwerero cha Chuseok abale onse adzasonkhana pano," anatero. "Ngati ukubwera, kavani kako konyamula zovala zakuda za anthu kasadzaime pageti panga. Mwana wanga sindinamuphunzitse kuti adzapinde makabudula a eni ake."

Taeo anawerama, n'kuthokoza, n'kuchoka, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso. Tsopano kunatsala masiku khumi kuti chikondwererocho chifike, ndiye nayi galimoto.

"Ili ndi zaka zingati?" Narae anafunsa.

"Zisanu ndi zitatu. Koma ukaiona sungakhulupirire."

"Akuti ndalama zingati?"

"Mawoni 18 miliyoni basi. Ili yatsopano inali 120 miliyoni, ukumva?"

Narae anatsinzina. Iye anakulira m'galaja. Bambo ake, a Pyo, anali makaniko kwa zaka makumi atatu mpaka msana unawaletsa, ndipo mwana wawo yekhayo ankalembera homuweki pa boneti. Ankadziwa kuti galimoto yotere siitsika mtengo chomwechi chifukwa cha chifundo cha mwini wake.

"Ndibwera," anatero. "Koma ndikubwera ndi tochi ya abambo."

* * *

Msika wa galimoto zoyendapo kale unali m'chinyumba cha nsanjika zisanu ndi imodzi kunja kwa mzinda. Amuna ovala masuti othina anali ndandanda pamakomo, ndudu kukamwa, n'kumaitana aliyense wodutsa kuti bwana. Mmodzi analavulira pafupi ndi nsapato ya Narae, kenaka n'kumumwetulira. Narae anagwira mkono wa Taeo, osati chifukwa cha chikondi.

Taeo anali atavala malaya oyera, ositidwa mwaluso moti mizere yake ikanatha kudula chala. Ankayenda mwachangu, ngati munthu wodziwa njira.

Atafika pansanjika yachinayi anamva nsapato za gogoda zikubwera. Anali mkazi wocheperako msinkhu kwa Narae, milomo yofiira, makiyi akuzungulira pachala.

"Achimwene Taeo," anatero mkaziyo, mawu akuwakoka ngati chingamu. "Mwachedwatu. Ine ndimati mwandithawa."

Anafika n'kuyamba kukonza kolala ya Taeo, imene inalibe chokonza.

"Uyu ndi Mirim," Taeo anatero akubwerera m'mbuyo pang'ono. "Mlongo wake wa mnzanga amene ndinali naye ku usilikali. Amagulitsa galimoto pano. Mirim, uyu ndi Narae."

"Asisi aja ndi inu? Achimwene amakutchulanitchulani. Ine ndimaganiza kuti ndinu aatali."

"Inu sanakutchulenipo," Narae anayankha.

Mirim anaseka atatseka pakamwa ndi zala. "Amabisa zambiri achimwenewa. Ankabwera kwathu pa tchuthi, amayi n'kumawaphikira. Mukawafunse za ndiwo za kimchi za amayi anga. Ankanyambita mbale."

"Galimoto ili kuti?" Narae anafunsa.

Inali pakona, pansi pa getsi lokhalo lowala bwino pansanjika yonseyo. Kukongola inali yokongoladi, Narae sakanatsutsa. Taeo anaisisita padenga ngati akusisita mwana wogona, ndipo m'maso mwake munali njala imene Narae anali asanaionepo. Inamunyansa njalayo, ndipo kunyansidwako kunamupweteka iye mwini.

"Mwini wake anali dokotala," Mirim anatero. "Munthu wamkulu, wodekha. Ankangopita nayo ku gofu Lamlungu. Ndaisungira achimwene okha. Anthu atatu aifuna sabata ino, ine n'kumati ayi, ili ndi mwini."

Anatsegula chitseko cha dalaivala.

* * *

Fungo linamuwomba Narae kumaso. Linali la pefyumu wa maluwa, lolemera, ngati lomwe amapopera m'nyumba yogona maliro. Koma pansi pa fungolo panali lina, la nsanza yonyowa imene yaiwalidwa m'ndowa sabata yathunthu.

"Taeo, iwe wochapa zovala, fungo ili sukulimva?"

"Ndili ndi kachimfine."

"Kayamba liti?"

"Ndi chikopa chenicheni, asisi," Mirim analowerera. "Kwa munthu amene sanazolowere, chimamveka chachilendo."

Narae anapatsira Taeo chikwama chake, n'kupinda mikono ya bulauzi, n'kugwira lamba wa pampando. Anamusolola pang'onopang'ono. Poyamba lambayo anali woyera, wochapidwa bwino. Anapitiriza kusolola mpaka pothera penipeni, pamene dzanja la wochapa silifika. Pamenepo panatuluka mzere wa matope ouma, ndipo m'mphepete mwake munali chuku chobiriwira chaubweya.

Anamusonyeza Taeo.

"Mwina mwana anatayirapo khofi," Mirim anatero.

"Dokotala wamkulu wodekha uja anali ndi mwana womwa khofi?"

Anagwada pansi n'kuunika ndi tochi kunsi kwa mpando. Zitsulo zoyendapo mpando zinali zofiira ndi dzimbiri. Anakanikiza kapeti ndi chala, ndipo kapetiyo inalira kuti fwaa, n'kutulutsa madzi akuda amene anamulowa m'chikhadabo. Anachotsa dzanja msanga.

"Tsegulani boneti."

"Asisi, injini yake ndi yotsekedwa ndi pulasitiki, palibe choti muone."

"Tsegulani."

Injiniyo inali yotsukidwa, yowala kuposa mbale zodyera, zimene kwa Narae zinali umboni wina. Anapotokola chotsekera oyilo n'kuchitembenuza. Kunsi kwake kunali phala loyera lonanda, ngati mkaka wosasa. Anatsegula kabokosi ka mafyuzi, ndipo m'makona mwake munali mchenga wosalala wa kumtsinje.

"Gofu wa adokotalawa ankasewerera pansi pa madzi?" anafunsa.

Amuna awiri a masuti anali atasendera pafupi. Mmodzi anaseka mokweza. Makutu a Taeo anafiira.

"Narae, basi, zakwana."

"Sizinakwane. Tiyeni ku buti."

Anatukula kapeti ya m'buti, kenaka chivundikiro cha pansi pamene pamakhala batire. Fungo limene linatuluka m'menemo linagonjetsa pefyumu yense. M'dzenjemo munali madzi akuda ofika pa mfundo ya chala, pamwamba pake pali nembanemba yamafuta, ndipo tizilombo toyera tinali piringupiringu. Pakona panayandama chule wakufa, wotupa, miyendo ili m'mwamba.

Narae anabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa. Anathamangira pa chipilala, n'kuwerama, koma sanasanze. Anangolavula kawiri, maso ali ndi misozi.

Atabwerera, Mirim anali atatseka buti, akupukuta m'manja ndi kathishu.

"Timadzi tochepa timeneti n'totsukira," Mirim anatero. "Tikukonzerani zonse musanaitenge. Achimwene, inu mukundidziwa. Ndingakupusitseni ine?"

"Galimoto iyi inamira," Narae anatero. "Inamira mpaka m'mipando, mwina pa namondwe wa chaka chatha. Mawaya ake akuwola mkatimo. Lero iyenda, mawa iyenda, tsiku lina idzazima pakati pa msewu mabuleki osagwira." Anatembenukira kwa Taeo. "Koma tiyerekeze kuti sinamire. Tiyerekeze kuti ndi yabwinobwino. Matayala awa atha onse anayi, taona wekha. Limodzi ndi 400 sauzande. Kumbuyoku yakhala pansi mbali imodzi, ndiye kuti mashoko a mpweya akutha, ndipo limodzi silitsika pa miliyoni ndi theka. Sevisi wamba, oyilo ndi fyuluta basi, ndi ndalama imene kavani kako kamadya chaka chonse. Kachipangizo kakang'ono kakafa udikira mwezi kuti kachokere ku Ulaya. Petulo sindinamutchule. Inshulansi sindinaitchule."

"Ndinawerengera zimenezo."

"Unawerengera? Malaya amodzi umasita 2,500. Tayala limodzi ndi malaya 160. Anayi ndi malaya 640, Taeo. Udzaima pa simbi mpaka miyendo kutupa kuti chinthu ichi chikhale ndi nsapato."

Mmodzi wa amuna aja anati, "Ndi achapa malaya kodi abwanawa?" ndipo mnzake anamugunda ndi chigongono.

Mirim anapendeketsa mutu, n'kuika dzanja pa mkono wa Taeo. "Ine mwamuna wanga sindingamuwerengere malaya pagulu," anatero chapansipansi, koma mokwanira kuti aliyense amve.

Taeo anachotsa mkono wake. Anamubwezera Narae chikwama osamuyang'ana, n'kulunjika ku masitepe.

* * *

Narae anamupeza pakati pa nsanjika yachitatu ndi yachiwiri, pamalo onunkha mikodzo ndi zotsalira za ndudu.

"Taeo, ima."

Anaima, koma sanatembenuke.

"Amayi ako anandinyoza ndi kavani," anatero. "Iwe wandinyoza ndi malaya. Mwina ndinu amodzi."

"Ndimafuna kuti umve."

"Ndamva. Nyumba yonse yamva."

"Ndikanatani? Ndikanangoyang'ana ukugula chimbudzi cha matayala anayi?"

"Ukanandikokera pambali."

Narae anadziwa kuti zinali zoona. Koma mkwiyo wake unali usanathe.

"Nanga iwe unandikokera pambali? Unandiuza kuti wogulitsayo ndi mkazi amene amakukonza kolala? Achimwene, achimwene. Ndimati ndisanze ndisanaone n'komwe chule uja."

"Mirim ndi mwana kwa ine."

"Mwana amene ali ndi nambala yako ya foni. Mwana amene amakusungira galimoto. Wakhala ukulankhula naye nthawi yaitali bwanji?"

"Masabata atatu. Za galimoto zokha."

"Masabata atatu, ine osadziwa kanthu."

Taeo anatembenuka. Nkhope yake inali yotopa, ngati ya munthu amene wanyamula katundu kuchokera kutali. "Ndimafuna kuti tsiku limodzi lokha ndifike pageti paja, amayi ako asuzumire pawindo, asachite manyazi. Tsiku limodzi, Narae. Azakhali ako, amalume ako, ana awo a maofesi, onse adzakhala pamenepo. Ndidzafike wapansi ngati wobweretsa phasulo?"

"Ndalama imeneyo tinagwirizana kuti ndi ya nyumba yoti tidzalowe tikakwatirana."

"Tidzakwatirana bwanji ngati sindingadutse pageti?"

Mawuwo anamulasa Narae. Anakhala pa sitepe, osasamala za uve wake, n'kuyang'ana chala chake chimene chinali chidakali chakuda m'chikhadabo.

"Fungo lija sunalimvedi?" anafunsa motsitsa.

"Ndinalimva," Taeo anatero. "Ndimangofuna kuti lisakhalepo."

* * *

Anakalowa m'kanyumba kodyera pafupi ndi siteshoni ya basi, kogulitsa supu wa nkhumba ndi mpunga. Narae anasamba m'manja katatu, koma akabweretsa supuni kukamwa ankamva madzi a m'buti aja. Anakankhira mbale kutali.

"Idya pang'ono," Taeo anatero.

"Sindingathe. Nyamayi ikuoneka ngati chule."

Mayi wogulitsa, amene ankadutsa ndi ketulo, anamuyang'ana moipa. Taeo anawerama kupepesa, ndipo atadzutsa mutu anali akulimbana ndi kuseka. Narae nayenso anaseka, ngakhale sanafune.

"Bweretsa mkono," Taeo anatero.

Pa mkono wa bulauzi panali banga lakuda la oyilo wosakanikirana ndi matope. Taeo anapempha kasopo kotsukira mbale ndi madzi ofunda, n'kuika kathaulo kunsi kwa nsaluyo. Sanapukute. Ankangogundagunda ndi nsonga ya chala, kuyambira m'mphepete kulowera pakati, nkhope ili pafupi ndi dzanja la Narae. Bangalo linayamba kusamukira pa kathauloko.

"Ukapukuta limalowerera," anatero. "Umalinyengerera kuti lituluke lokha."

Narae anamuyang'ana pamutu, pamene tsitsi linayamba kuchepa ngakhale anali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu zokha. Uyu ndiye anali mwamuna amene anamukonda, wa manja ofewa ndi nthunzi, amene ankadziwa dzina la nkhalamba iliyonse ya m'kamsewu kawo ndi jekete yake.

"Za malaya zija ndalakwa," anatero. "Sindimanyoza ntchito yako. Ndimanyansidwa kuti thukuta lako likathere m'dzenje lija."

"Ndikudziwa."

"Pa Chuseok tidzapite pa kavani. Ndidzakhala kutsogolo. Ndidzatsitsa galasi kuti azakhali andione bwino."

"Amayi ako adzakomoka."

"Abambo adzawatsira madzi. Iwo amakukonda, kungoti m'nyumba muja salankhula. Lonjeza kuti suigula."

Foni ya Taeo inanjenjemera patebulo. Iye anaiyang'ana n'kuitembenuza chafufumimba.

"Ndani?"

"Mirim."

"Akuti chiyani?"

"Sindinawerenge." Foniyo inanjenjemeranso, kenaka kachitatu. Taeo anaiika m'thumba. "Ndikambirana naye ndekha. Ndimuuza kuti zalephereka."

"Muuze pompano, ndikumva."

"Narae, ndi mlongo wa mnzanga. Mchimwene wake anandinyamula kumsana mwendo utathyoka ku usilikali. Sindingathetse nkhani ndi uthenga wa pafoni. Ndipatse lero lokha."

"Koma suigula."

"Sindiifunanso," Taeo anatero, maso ali pa banga.

Narae anaona kuti yankholo silinafanane ndendende ndi funso lake, koma anali atatopa ndi mkangano, ndipo bangalo linali litachoka. Anasiyana pa siteshoni. Taeo anati akuthamangira kushopu chifukwa kunali masuti a ukwati oyenera kutha tsikulo.

* * *

Narae sanapite kunyumba nthawi yomweyo. Anakalowa m'nyumba yosambiramo anthu polipira ya pafupi ndi kwawo n'kukhala m'madzi otentha ola lathunthu, akudzikhula mpaka khungu kufiira. Atatuluka anapeza uthenga wochokera pa nambala yachilendo.

"Asisi, pepani za m'mawa. Mwamuna amafunika kumukweza, osati kumutsitsa. Ndi malangizo chabe. Mirim."

Nambala yake anaitenga kuti mkazi ameneyu? Narae analemba yankho lalitali, n'kulifufuta. Analemba lalifupi, loipa kuposa loyambalo, n'kulifufutanso. Pomaliza anangotseka nambalayo kuti isamupezenso, n'kupukuta foni pa siketi ngati yagwera m'ngalande.

Anatumiza uthenga kwa Taeo: "Wamuuza?" Chizindikiro chinasonyeza kuti wawerenga. Yankho silinabwere.

Dzuwa linali litapendeka pamene anakhota kulowa mumsewu wa kwawo. Ali chapatali anaona anthu ataunjikana pageti: mayi a nyumba yoyandikana, bambo wogulitsa zipatso, ndi amayi ena awiri a kutchalitchi kwa mayi ake. Anaganiza kuti msana wa bambo ake wavutanso. Anafulumira.

Pageti panaima galimoto yakuda ija. Pa boneti anamangapo riboni yofiira.

Mayi ake anali atakhala kumpando wakumbuyo, chitseko chili chotsegula, atavala bulauzi yawo ya silika imene ankavala pa maukwati pokha. Ankasisita chikopa cha mpando, foni ili kukhutu.

"Ya ku Ulaya, achemwali, ndikukuuzani," ankatero. "Yaitali moti pageti siikwana. Ayi, mnyamata yemwe uja. Inetu ndimadziwa kuti ali nazo, amangobisa. Anthu oleredwa bwino sadzionetsera ndi ndalama."

Pambali pa galimotoyo panaima Mirim, manja ali pamodzi mwaulemu, ngati mtengwa.

"Asisi, mwafika," anatero. "Ndaibweretsa ndekha. Achimwene ananena kalekale kuti amayi ndiwo adzayambe kuiona, ndiye ndinati ndisachedwetse chimwemwe."

"Chotsani chinthu ichi pakhomo pathu."

"Narae," mayi ake anatero akutuluka m'galimotomo, "ukulankhula bwanji ndi mlendo? Mtsikana waulemu ngati uyu, wabweretsanso makeke a mpunga. Bwanji sunandiuze? Wandisiya ndikumunyoza mwana wa eni ake, iye ali kalikiliki kutikonzera zoterezi."

"Amayi, galimoto iyi sanagule. Inamira m'madzi. Muli chule wakufa m'butimo."

Anthu aja anayang'anana. Mirim anatsegula buti mwakachetechete. Munali mouma, mwayalidwa kapeti yatsopano.

"Nsanje ya mwana uyu," mayi ake anatero akuseka kuti anzawo amve, koma maso awo ankamubaya Narae. "Watengera bambo ake. Akaona chinthu chabwino amayamba kufunafuna pamene chaola."

Bambo Pyo anali ataima pakhonde atagwira ndodo yawo. Anatsika pang'onopang'ono, n'kuizungulira galimotoyo. Anayang'ana tayala lakumbuyo. Analowetsa mutu pawindo n'kukoka mpweya kamodzi. Atautulutsa mutuwo, milomo yawo inali itapindika ngati alawa ndulu. Anayang'ana mwana wawo, kenaka mkazi wawo, amene nkhope yawo inali yowala kuposa mmene anaionera pa zaka zambiri. Anatsegula pakamwa.

"Inu musayambe," mkazi wawo anatero. "Zaka makumi atatu ndakhala ndikuchapa maovolosi anu, anzanga akukwera galimoto zimene inu mumagona kunsi kwake. Lero lokha mundisiye."

Bambo Pyo anatseka pakamwa.

Mirim anasendera kwa Narae n'kutulutsa envelopu m'chikwama. "Mapepala ake ndi awa, asisi. Mukawapatse achimwene. Popeza mumakonda kuunika zinthu, muunikenso amenewa."

Narae anasolola chikalatacho. Chinali cha mgwirizano wogulitsana. Pansi pake panali chidindo chofiira cha dzina la Taeo, chodindidwa bwino, chosapendama. Anayang'ana deti. Linali Lachiwiri, masiku anayi apitawo.

Ndiye kuti m'mawa muja sanapite kukaona galimoto. Anapita kukaombera m'manja chinthu chogulidwa kale. Ndipo m'kanyumba kodyera kaja, akugundagunda banga pa mkono wake, Taeo ankadziwa.

Foni inalira m'dzanja lake. Anali Taeo. Asanaganize zoyankha kapena kukana, mayi ake anaona dzinalo n'kuilanda, n'kudina kuti mawu amveke kwa onse.

"Narae, tamvera," mawu a Taeo anatuluka mothamanga, "pali chinthu chimene sindinakuuze. Mirim sakuyankha foni, ndipo kumsika akuti galimoto ija yatuluka…"

"Mkamwini wanga," mayi ake a Narae anatero.

Pa zaka ziwiri zonsezo, mayiwa anali asanamutchulepo Taeo ngakhale dzina lake lenileni.

"Amayi?" Taeo anafunsa.

"Yafika, mwana wanga, yafika bwino. Wandichotsa manyazi. Tsono tamvera. Mawa tikupita kuphiri kukalambula manda a agogo ake a Narae chikondwerero chisanafike. Chaka chilichonse timakwera basi, n'kumaliza wapansi, msana wa bambo akowa uli chomwechi. Mawa utitenge iweyo pa galimoto yakoyi. Azakhali ake awiri abwera nawo. Msewu wake ndi wokhotakhota, wotsetsereka kwambiri pobwerera, koma galimoto ngati iyi siingamve kanthu."

Narae anayang'ana bambo ake. Dzanja lawo linali litafinya ndodo. Anasendeza pakamwa pake pafupi ndi foniyo.

"Taeo," anatero, "ndili pompano. Chikalata chili m'manja mwanga. Auze amayi zimene unaona m'mawa."

Anthu onse pagetipo anatchera khutu. Mirim ankayang'ana zikhadabo zake. Pafoni pankamveka kupuma kwa Taeo, ndi phokoso la makina ochapira akuzungulira kumbuyo kwake.

"Mkamwini, ukundimva?" mayi aja anafunsa mofewa.

"Ndikukumvani, amayi," Taeo anatero. "Ndifike nthawi yanji?"